Kusintha control arm ya pansi ku mawilo akutsogolo a galimoto

Nyengo ya mvula ikafika muno m'Zambia, kuyambira mu Novembala kufikira mu Epulo, miseu yambiri imakumbika maenje ndipo magalaji amadzala ndi magalimoto ogogoda kunsi. Cimodzi mwa zitsulo zimene amakanika amasintha kawirikawiri pa nyengo imeneyi ndi cija cochedwa control arm ya pansi, cimene ena amati wishbone.

Citsulo cimeneci sicioneka munthu akaima pambali pa galimoto, koma ndico cimagwira wilo lakutsogolo kuti likhale pamalo pake. Cikatheratu, wilo lingagwere m'kati kapena kunja galimoto ili pa liwiro, ndipo woyendetsa sangathenso kuiongolera.

Kodi control arm n'ciani?

Control arm ndi mkono wa citsulo umene umalumikiza wilo ku thupi la galimoto. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono mkonowu uli ndi maonekedwe a cilembo L kapena A, ndipo umamangidwa pa malo atatu.

Malo awiri ali m'kati, kumene mkonowo umagwira citsulo cacikulu cokhala kunsi kwa injini cochedwa subframe. Pa malo awiriwa pali mabushi. Bushi ndi mphira yolimba yokutidwa ndi citsulo, yokhala ndi kapaipi pakati pomwe bauti imapita. Mabushi amalola mkono kukwera ndi kutsika, ndiponso amameza kugwedezeka kocokera pa mseu kuti kusafike kwa anthu okwera.

Malo acitatu ali kunja, kufupi ndi wilo. Pamenepo pali ball joint, imene imagwira nchito monga mfundo ya m'ciuno mwa munthu. Ndi kampira ka citsulo kozungulira m'kambale kokhala ndi girizi, ndipo pamwamba pake pali cophimba ca mphira coletsa madzi ndi fumbi kulowa. Ball joint imalowa mu knuckle, citsulo cimene cimanyamula wilo ndi mabuleki. Ndiyo imalola wilo kukhota pamene likukwera ndi kutsika.

Motero mphamvu yambiri imene wilo limalandira pomanga mabuleki, pokhota ndi pogwa m'dzenje imadutsa pa mkono umenewu.

Mitundu iwiri ya kamangidwe

Magalimoto ang'onoang'ono ocuruka m'miseu ya Zambia, monga Toyota Corolla, Allion, Spacio ndi Vitz, ali ndi kamangidwe kochedwa MacPherson strut. Dzinali linacokera kwa injiniya wa ku America, Earle S. MacPherson, amene anakonza kamangidweka m'zaka za m'ma 1940. Kampani ya Ford ku Britain inakagwiritsa nchito pa galimoto ya Consul m'caka ca 1950. M'kamangidwe kameneka shoko ndi sipiringi zili pamodzi ndipo zimagwira wilo kumwamba, pamene control arm imodzi yokha imaligwira kunsi.

Magalimoto akuluakulu monga Toyota Hilux zambiri ndi maminibasi ambiri a Hiace ali ndi mikono iwiri mbali iliyonse, wa pamwamba ndi wa pansi. Kamangidwe aka kamachedwa double wishbone.

Kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo kwa womasula. Pa MacPherson strut sipiringi siikhala pa control arm, conco mkono ungacotsedwe popanda kukhudza sipiringi. Koma pa magalimoto ena a mikono iwiri, sipiringi kapena ndodo yopotoka yochedwa torsion bar imakanikiza mkono wa pansi ndi mphamvu yaikulu. Kumasula mkono wotero mphamvuyo isanacotsedwe kungavulaze kapena kupha munthu. Nchito imeneyo njofunika makanika wodziwa, wokhala ndi cida copanira sipiringi.

Zimene zimaononga

Kawirikawiri citsulo ceniceni ca mkono sicitha msanga. Zimene zimayamba kutha ndi mabushi ndi ball joint.

Mphira ya mabushi imauma ndi kung'aluka kaamba ka ukalamba ndi kutentha. Mafuta a injini kapena a giyabokosi akamadonthera pa mphirayo amaifewetsa kufikira italekana ndi citsulo cake. Ball joint imaonongeka msanga cophimba cake cikang'ambika, pakuti girizi amatuluka ndipo madzi ndi mcenga zimalowa n'kuyamba kupala kampira kaja. Miseu yafumbi m'cilimwe ndi zithaphwi za m'dzinja zimafulumizitsa zimenezi.

Mkono weniweni umapindika galimoto ikagwa m'dzenje lakuya pa liwiro, ikaomba mwala, ikagunda m'mphepete mwa ngalande, kapena ikacita ngozi. Kudumpha mahampu mothamanga ndi kunyamula katundu wopitirira muyezo kumacepetsanso moyo wa ziwalo zonsezi.

Magalimoto ambiri a muno amabwera atagwirapo kale nchito ku Japan, ndipo amalowera pa zipata monga Nakonde ndi Chirundu. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency ndilo limayang'anira kupimidwa kwa magalimoto otere asanatumizidwe kuno. Komabe mphira imene yakhala zaka khumi kapena kuposa pa miseu yosalala ingathe kung'aluka m'miyezi yocepa ikakumana ndi miseu yokumbika.

Zizindikiro

Cizindikiro coyamba cimene oyendetsa ambiri amamva ndi kugogoda kutsogolo podutsa pa hampu kapena pa mseu wa miyala. Nthawi zina kugogodako kumamveka kamodzi pomanga mabuleki ndi kamodzi ponyamuka, pamene mkono ukusuntha m'bushi yakutha.

Caciwiri ndi kuyendayenda kwa galimoto. Pa mseu woongoka woyendetsa amapeza kuti akungokhalira kubweza siteringi, kapena galimoto imakokera mbali imodzi, makamaka akaponda buleki. Pa ulendo wautali monga wa pa Great East Road kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata, zimenezi zimatopetsa ndipo m'makhota a kufupi ndi mlatho wa Luangwa zingabweretse ngozi.

Cacitatu ndi kutha kwa matayala mbali imodzi, m'mphepete mwa m'kati kapena mwa kunja, pakati pali bwino. Siteringi inganjenjemerenso, ndipo ball joint youma imalira ngati citseko cakale pokhota.

Zizindikiro zimenezi sizicokera ku control arm yokha. Shoko yakutha, tie rod end, stabiliser link ndi bering'i ya wilo zingabweretse phokoso lofanana nalo. N'cifukwa cake kupima kuyenera kuyamba ndalama isanaonongedwe pa sipeya.

Kupima

Makanika amakweza galimoto n'kuikhazika pa sitandi kuti wilo lilendewere. Amagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Ngati pali kusewera, mnzake amayang'ana kunsi kuti aone ngati kukucokera pa ball joint kapena pa bering'i. Akagwira tayala kumanzere ndi kumanja n'kupeza kusewera, kawirikawiri vuto limakhala pa tie rod end. Pa galimoto imene sipiringi yake imakhala pa mkono wa pansi, jeke imaikidwa pansi pa mkonowo kuti ball joint ipepukidwe, apo ayi kusewera sikuoneka.

Mabushi amapimidwa ndi citsulo cokanulira. Bushi yabwino imasuntha pang'ono n'kubwerera. Yakutha imasuntha kwambiri, ndipo mphira yake imaoneka yong'ambika kapena yolekana ndi citsulo. Timing'alu ting'onoting'ono ta pamwamba pa mphira si cifukwa cosinthira, koma mng'alu wolowa m'kati ndiwo umasonyeza kuti yatha. Mkono wopindika umadziwika poufanizira ndi wa mbali inayo.

Mabushi okha kapena mkono wonse

Ngati mkono uli woongoka ndipo ulibe dzimbiri lakuya, mabushi okha angasinthidwe. Akale amatulutsidwa ndipo atsopano amalowetsedwa ndi makina opanira ochedwa press. Kuwakhomera ndi nyundo kumaononga bushi ndi dzenje lake lomwe. Mabushi ena ali ndi mipata mu mphira yake ndipo amalowa molunjika mbali imodzi yokha, motsatira cizindikiro ca pa mkono.

Pa Corolla zambiri ball joint imamangidwa ku mkono ndi bauti imodzi ndi manati awiri, motero imasinthika payokha. Pa magalimoto ena inapanidwira mu mkono ndipo opanga amagulitsa zonse pamodzi.

Mkono wonse uyenera kusinthidwa ngati wapindika, wang'aluka, wadyeka ndi dzimbiri, kapena ngati mabushi ndi ball joint zathera pamodzi. Mkono wopindika suyenera kuongoledwa ndi moto kapena kuwocherera. Moto umasintha kulimba kwa citsulo, ndipo mkono wotero ungathyoke popanda cenjezo. Izi n'zoona makamaka pa mikono ya aluminiyamu.

M'malo ena anthu amasema mabushi kucokera ku matayala akale. Mabushi otere amaletsa phokoso kwa kanthawi, koma sagwira wilo pa muyezo wake ndipo amatha msanga.

Mikono iwiri ya galimoto imayenda mtunda umodzi. Ngati wa kumanzere watha ndi ukalamba, wa kumanja nawo uli pafupi kutha, ndipo kusintha yonse pamodzi kumapulumutsa ndalama yolipira alignment kawiri. Ngati umodzi wapindika cabe pa dzenje ndipo unzake uli bwino, wopindika yekhayo ndiye amasinthidwa.

Kugula sipeya

Mkono wa kumanzere ndi wa kumanja kawirikawiri umasiyana, ndipo ina imakhala ndi cilembo L kapena R. Magalimoto a dzina limodzi amasiyananso malinga ndi caka ndi mtundu wa injini. Njira yodalirika ndi kupita ku sitolo ndi nambala ya chassis yolembedwa m'buku la galimoto, ndipo ngati n'kotheka kunyamulanso mkono wakale.

Pa msika pali masipeya a kampani yopanga galimotoyo, a makampani ena odziwika, ochipa osadziwika kocokera, ndi ogwirapo kale nchito ocotsedwa ku magalimoto ena. Wogula wakale ayenera kuona bwino mphira ndi cophimba ca ball joint, pakuti zaka zake zingafanane ndi za umene akucotsa. Lisiti liyenera kusungidwa. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, logwira nchito pansi pa lamulo nambala 24 la caka ca 2010, limalandira madandaulo a ogula amene agulitsidwa katundu woipa.

Zida ndi citetezo

Pafunika jeke, masitandi olimba, masipanala ndi masoketi, mpini wautali womasulira, nyundo, citsulo cokanulira, pulayazi, cida colekanitsira ball joint, mafuta ofewetsa dzimbiri ndi sipanala yopimira kulimba yochedwa torque wrench. Pafunikanso kapini katsopano kochedwa split pin.

Galimoto iime pa malo olimba ndi osatsetsereka, handibuleki itamangidwa, ndipo mawilo akumbuyo achingidwe. Munthu asalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha. Njerwa ndi mabuloko a simenti si masitandi, cifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Wilo locotsedwa lingagonekedwe pansi pa thupi la galimoto kuti likhale citetezo caciwiri.

Kucotsa mkono wakale

Zotsatirazi zikunena za galimoto ya MacPherson strut.

Manati a wilo amamasulidwa pang'ono galimoto ikali pansi. Kenaka imakwezedwa, kukhazikidwa pa sitandi, ndipo wilo limacotsedwa. Mabauti onse a mkono amathiridwa mafuta ofewetsa dzimbiri n'kusiyidwa kwa mphindi zingapo. Ngati bauti ina ili ndi wasala wokhala ndi timizere tosinthira kaimidwe ka wilo, malo ake amalembedwa ndi penti isanamasulidwe.

Ngati stabiliser link imamangidwa pa mkono, imamasulidwa poyamba. Pambuyo pake kapini ka pa nati ya ball joint kamasololedwa, natiyo imamasulidwa, ndipo ball joint imalekanitsidwa ndi knuckle. Msomali wa ball joint ngosongoka ndipo umakanirira mwamphamvu. Cida colekanitsira ndico coyenera. Popanda ico, amakanika amamenya pambali pa knuckle pomwe msomali walowa kuti kugwedezeka kuumasule. Kumenya pamutu pa msomali kumaononga mazinga ake. Pamene ball joint ya mabauti ikali bwino, imasiyidwa pa knuckle ndipo amamasula bauti ndi manati ake a ku mkono.

Mkono umakanikizidwa pansi ndi citsulo cokanulira kufikira msomali utatuluka. Apa pafunika kusamala. Knuckle ikalekana ndi mkono imatha kusunthira kunja, ndipo pa galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo ingasolole shafuti ku giyabokosi kapena kumasula CV joint ya m'kati. Paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS nazonso siziyenera kukokedwa. Knuckle imangiriridwe ndi waya kapena cingwe kuti isasunthe.

Pomaliza mabauti a mabushi amamasulidwa ndipo mkono umasololedwa. Pa magalimoto ena bauti yakutsogolo imachingidwa ndi giyabokosi kapena beseni la mafuta a injini, ndipo injini imafunika kukwezedwa pang'ono itamasulidwa pa zomangira zake. Bauti imene yagwirana ndi kapaipi ka bushi cifukwa ca dzimbiri nthawi zina imadulidwa n'kuikapo yatsopano ya kulimba kofanana. Bauti wamba ya m'sitolo ya zomangira nyumba siloledwa pa malo amenewa.

Kumanga watsopano

Mkono watsopano umagonekedwa pambali pa wakale kuti zione ngati utali, mabowo ndi kukula kwa msomali zikufanana. Malo omangapo amapukutidwa dzimbiri ndi dothi.

Mbali ya mabushi ndiyo imalowa poyamba. Mabauti amalowetsedwa ndi manja n'kumangidwa pang'ono cabe. Kenaka msomali wa ball joint umalowetsedwa mu knuckle mosamala kuti cophimba cisang'ambike, ndipo nati yake imamangidwa pa muyezo wa m'buku la opanga. Ngati mpata wa nati sunalunjike bowo la kapini, natiyo imamangidwa patsogolo pang'ono. Siibwezedwa m'mbuyo. Kapini katsopano kamalowetsedwa n'kupindidwa. Msomali wa kalipentala kapena waya sizilowa m'malo mwa kapini. Manati odzitseka okha akamasulidwa amasinthidwa ndi atsopano.

Stabiliser link imabwezedwa, wilo limaikidwa, ndipo galimoto imatsitsidwa.

Pamenepa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mabauti a mabushi, makamaka bauti yogona, amamangidwa komaliza galimoto itakhala pa mawilo ake ndi kulemera kwake konse. Cifukwa cake n'cakuti bauti ikalimba imapana kapaipi ka pakati pa bushi, ndipo kuyambira pamenepo mkono umayenda mwa kupotoza mphira. Ikamangidwa wilo likulendewera, mphira imakhala yopotoka nthawi yonse galimoto ikatsitsidwa, ndipo bushi yatsopano imang'ambika m'miyezi yocepa. Pa galaji galimoto imaikidwa pa dzenje kapena pa rampu. Kumene kulibe zimenezi, jeke imaikidwa pansi pa mkono kufupi ndi ball joint n'kuukweza kufikira utafika pamene umakhala galimoto ili pansi, sitandi ikali pamalo pake.

Bauti iliyonse ili ndi muyezo wake wa kulimba, ndipo muyezowo umasiyana pa galimoto ndi galimoto. Mwacitsanzo, manati a wilo a Toyota Corolla amamangidwa pa 103 Nm. Manati a wilo amamangidwa modumphanitsa, osati motsatana. Ngati mabauti sanagwire dzimbiri, makanika wozolowera amatha mbali imodzi pa ola limodzi kapena awiri.

Alignment

Mkono ukasinthidwa galimoto iyenera kupita ku wheel alignment, ngakhale ikuoneka kuti ikuyenda bwino. Mkono watsopano ndi mabushi olimba zimakhazika wilo pamalo posiyana pang'ono ndi pomwe linali.

Makina amapima zinthu zitatu. Toe ndi kaloza ka mawilo, ngati akuyang'ana m'kati kapena kunja. Camber ndi kupendekeka kwa wilo munthu akaliona ali kutsogolo kwa galimoto. Caster ndi kupendekeka kwa mzere umene wilo limakhotera, kumene kumathandiza siteringi kubwerera pakati. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono toe yokha ndiyo imasinthika mosavuta. Kulakwika kwa mamilimita owerengeka pa toe kumakwanira kudya tayala latsopano mbali imodzi.

Ngati makina asonyeza kuti camber kapena caster ikali yolakwika kwambiri mkono utasinthidwa, n'kutheka kuti strut, knuckle kapena subframe nayonso inapindika.

Galimoto iyesedwe pang'onopang'ono pa mseu wopanda anthu ambiri, womvetsera akuchera khutu ku phokoso lililonse. Manati a wilo apimidwenso itayenda makilomita pafupifupi 50.

Lamulo ndi udindo

Bungwe la Road Transport and Safety Agency, RTSA, linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu nambala 11 la caka ca 2002. Limodzi la maudindo ake ndi kupima magalimoto ndi kupereka cikalata ca fitness cosonyeza kuti galimoto njoyenera kuyenda pa mseu. Siteringi, mabuleki, matayala ndi ziwalo zogwira mawilo zili pakati pa zinthu zimene zimayang'anidwa. Cikalataco cimanena za mmene galimoto inalili tsiku lopimidwa. Kusamala galimoto masiku ena onse ndi udindo wa mwini wake, ndipo udindowo ngwaukulu kwambiri kwa eni matekisi ndi maminibasi onyamula anthu.

Amakanika ophunzira nchitoyi amacokera m'masukulu oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, monga Northern Technical College ku Ndola ndi Chipata Trades Training Institute. Ena ambiri anaphunzirira pa galaji ndipo nchito amaidziwa bwino. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aonetsedwe kusewera kwa ciwalo asanagule sipeya, kuti abwezeredwe mkono wakale, ndi kufunsa ngati mabauti a mabushi anamangidwa galimoto ili pa mawilo ake.

Bushi yakutha imapereka nthawi yokonzekera ndalama, ngakhale kuti imadya matayala tsiku ndi tsiku. Ball joint imene yayamba kusewera siyenera kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Galimoto yotero iyendetsedwe pang'onopang'ono kupita ku galaji yapafupi, yopanda katundu ndi anthu, ndipo isayambe ulendo wautali kufikira itakonzedwa.